Kagwiridwe ka mabuleki a mountain bike m'mitsetse ndi mumchenga wa kuchigwa cha Shire

Okwera njinga ambiri kuchigwa kuno anakula akumva langizo limodzi: buleki yakutsogolo musamaigwire, idzakugwetsani chadodolido. Ena mpaka amamasula waya wake n'kumusiya akulendewera, n'kumadalira yakumbuyo yokha, ikakanika amaponda tayala ndi patapata. Pamsewu wathyathyathya wa pakati pa Nchalo ndi Ngabu munthu akhoza kutha zaka ndi chizolowezi chimenechi osaona choipa. Koma chigwachi chazingidwa ndi mapiri. Wochokera ku Blantyre amatsika mamita pafupifupi 900 kuti afike pa Thabwa ndi pamlatho wa Kamuzu. Wotsika ku Chididi kulowera ku Nsanje boma, kapena wochokera ku Thyolo kutsetserekera ku Muona, amakumana ndi mitsetse ya miyala ndi makona opanikiza. M'malo oterowo buleki yakumbuyo payokha siimitsa njinga, ndipo amene amaopa yakutsogolo ndi amene amavulala.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Tsikani panjinga, muikankhe mukuyenda pambali pake, kenaka finyani buleki yakutsogolo. Njinga iima pomwepo, tayala lakumbuyo n'kunyamuka. Kankhaninso, mufinye yakumbuyo yokha. Tayala lisiya kuzungulira koma njinga ipitirirabe, likukhwekhwereza pansi. Izi n'zimene zimachitikanso mutakwera. Mukagwira buleki, kulemera kwanu ndi kwa njinga kumakhamukira kutsogolo. Tayala lakutsogolo limakanikizika n'kuluma nthaka, lakumbuyo limapepuka, ndipo tayala lopepuka silichedwa kuterereka. Pamtsetse zimanyanya, poti njinga imakhala itaweramira kale kutsogolo. Ntchito yaikulu yoimitsa njinga ndi ya buleki yakutsogolo. Yakumbuyo imathandizira, imachepetsako liwiro komanso imasunga njinga kuti isagwedezeke.

Yambani njinga ili chiimire

Choyamba, dziwani dzanja limene likugwira tayala lakutsogolo. Njinga zambiri za mountain bike zimene zili m'misika yathu n'zakaunjika, zochokera m'maiko osiyanasiyana. Za ku Britain buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja, za ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere. Njinga yobwereka kapena yongogula kumene muziifinya kaye musanakwere, chifukwa pangozi dzanja limachita zimene linazolowera.

Kenaka konzani zofinyira za pahandulo. Masulani bawuti wake ndi sipanala ya Allen, nthawi zambiri ya 4 kapena 5 mm, n'kusunthira chofinyiracho mkati masentimita awiri kapena atatu, mpaka chala chamkombaphala chizigwera kunsonga kwenikweni, pokhota paja. Kunsonga n'kumene chala chimakhala ndi mphamvu zambiri. Mabuleki a disiki (kambale kachitsulo ka pakati pa gudumu) oyendera mafuta amafuna chala chimodzi basi. A waya, kaya a disiki kapena a marabala opana limu, amafuna ziwiri. Zala zotsalazo ntchito yake ndi kugwira handulo. Munthu amene wafumbata chofinyira ndi zala zinayi wasiya handulo m'manja mwa chala chachikulu chokha, ndipo tayala likagunda mwala dzanja limapulumuka.

Chofinyira chisaloze pansi kwambiri ndipo chisakhale chopingasa ngati tebulo. Imirirani pamapedulo monga mumachitira potsika mtsetse, muone kuti mkono, dzanja ndi chala zikupanga mzere umodzi. Pomanga bawuti musathine mopitirira: chizigwira osasuntha pofinya, koma chizitha kupotoka mukagwa, m'malo mothyoka.

Buleki iyambe kuluma chofinyira chisanafike theka la ulendo wake, ndipo mukafinya ndi mphamvu zonse pazitsala mpata woti chala n'kulowa pakati pa chofinyira ndi handulo. Ngati cha waya chikufika pahandulo, tembenuzani kanati kamene kali potulukira waya kuti kamukoke. Kakafika pamapeto, kabwezereni mkati n'kukokera wayayo pabawuti wa kumunsi.

Mpweya wa m'matayala ndi mbali ya mabuleki, ngakhale ambiri saganiza choncho. Tayala lopopedwa gwa ngati la kabaza wonyamula matumba limadumphadumpha pamiyala, ndipo tayala limene lili m'malere buleki ilibe nalo ntchito. Kwa munthu wa makilogalamu 70 pa tayala la mainchi 2.1 mpaka 2.3 m'lifupi mwake lokhala ndi chubu, yambirani pa 30 mpaka 35 psi (muyeso wa mpweya pa geji ya pampu), lakutsogolo lofewerapo pang'ono. Mukachepetsa kwambiri, limu imatsina chubu pamwala n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana.

Thupi lisanafike chala

Kugwa chadodolido kumene anthu amakuopa kuja sikubwera chifukwa cha buleki yokha. Kumabwera munthu atakhala phee pachishalo, mikono ili lende, ndiye wafinya modzidzimuka. Njinga imaima, iye n'kupitirira, mimba kukagunda handulo, tayala lakumbuyo m'mwamba.

Pofika pamtsetse nyamukani pachishalo. Mapedulo akhale molingana, lina kutsogolo lina kumbuyo, osati lina pansi pamene likhoza kukola chitsa. Pindani mawondo ndi zigongono, chifuwa chitsike, mutu udzuke, maso aone mamita khumi kapena makumi awiri kutsogolo osati patayala. Ndiyeno chinthu chimene chimasintha zonse: gwetsani zidendene. Zala za kuphazi ziloze m'mwamba pang'ono, zidendene pansi. Mukatero, mphamvu imene imakukankhirani kutsogolo pogwira buleki imathera m'mapedulo kudzera m'miyendo, m'malo mothera m'manja. Miyendo ndiyo inyamule thupi, manja akhale opepuka.

Pamene mukuwonjezera kufinya, chiuno chizibwerera kumbuyo ndi pansi pa nthawi yomweyo, ndipo mukamasula chizibwerera pakati. Apa pali cholakwa china chimene amachita amene anangomva kuti "khalira kumbuyo". Amatambasula mikono mpaka kuuma, matako ali pamwamba pa tayala lakumbuyo mtsetse wonse. Tayala lakutsogolo limatsala lopanda kulemera, limakana kukhota, ndipo likangogwiridwa buleki limaterereka. Kubwerera kumbuyo kuzilingana ndi kuchuluka kwa buleki imene mwagwira, ndipo zigongono zisawongoke zonse.

Ngati mtsetse ndi wautali komanso wa miyala, imani mutsitse chishalo masentimita 5 mpaka 10 kuti chisakutsekerezeni. Lembani kachizindikiro pachitsulo chake kuti mukafika pansi mubwezere pamalo pake.

Kufinya

Buleki simenyedwa, imafinyidwa ngati mukuyesa kupsa kwa papaya. Yambani mofewa mpaka mumve kuti yaluma, kulemera kusamukire kutsogolo, tayala likanikizike, kenaka onjezerani mphamvu. Zonsezi zimachitika mkati mwa sekondi imodzi, koma dongosolo lake ndi limenelo. Mukamenya kamodzi n'kamodzi, tayala limaima lisanalemedwe, ndipo ngati njinga ili ndi mashoko kutsogolo amabwatama mwadzidzidzi n'kukukokerani pahandulo. Gwirani zonse ziwiri limodzi. Liwiro likamatsika ndi kulemera kukamapita kutsogolo, yakutsogolo izionjezereka, yakumbuyo izichepa.

Njinga imaima msanga pamene tayala latsala pang'ono kuuma, kutanthauza kusiya kuzungulira, koma likuzungulirabe. Likangouma n'kuyamba kukhwekhwereza, mtunda woimira umatalika, tayala limadyeka malo amodzi, ndipo chiwongolero chimakuthawani. Khutu limathandiza: tayala logwira bwino padothi limalira mopokosera pang'ono, louma limachita "khwee" mosalekeza. Lakumbuyo likatero, masulani pang'ono lizungulirenso. Lakutsogolo likatero, masulani nthawi yomweyo, osaganiza kawiri. Mukamva tayala lakumbuyo likunyamuka, fewetsani yakutsogolo ndipo libwerera pansi lokha.

Izi siziphunziridwa pamtsetse wa Thabwa. Pitani pabwalo la mpira la sukulu madzulo, lembani mzere pansi. Bwerani ndi liwiro lofanana nthawi zonse, la munthu wothamanga, ndipo pamzerepo gwirani yakumbuyo yokha. Ikani mwala pamene mwaima. Bwerezani ndi yakutsogolo yokha, mofewa poyamba, zidendene pansi. Kenaka zonse ziwiri. Chitani kakhumi chilichonse. Miyala ija ikuuzani yokha, ndipo mukatha masiku angapo mudzaona mwala wachitatu ukuyandikira mzere. Mukazolowera pouma, kayeseni pamene pali timiyala ndi pamene pali mchenga wochepa, kuti chala chidziwe msanga pamene tayala limalekera kugwira.

Kumbukiraninso masamu a liwiro. Mukaliwirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Njinga imene imaima pa mamita anayi ikuyenda makilomita 20 pa ola idzafuna mamita 16 pa makilomita 40 pa ola, ndipo pa liwiro limenelo sekondi imodzi yongozindikira kuti mbuzi yalowa mumsewu imadya mamita 11 chala chisanasunthe.

Pogwira ndi pomasula

Luso lenileni lili posankha malo. Gwirani mwamphamvu pamene njinga yawongoka ndipo nthaka ndi yolimba. Masulani pamene pali poterera, pokumbika kapena pokhota. Njira ya mapiri imasinthasintha pa mamita ochepa okha, choncho maso azisaka kachigawo kolimba kamene kali patsogolo pa malo oipa, n'kuthera liwiro pamenepo.

Pakona, ntchito ya buleki ithe musanayambe kupendeka. Tayala lili ndi mphamvu yogwira nthaka yowerengeka, ndipo ikagwiritsidwa ntchito pokhota siingagwirenso yonse poimitsa. Mukafinya yakutsogolo njinga itapendeka, imadzuka n'kulunjika kunja kwa kona, kapena tayala limasesereka n'kukugwetserani paphewa. Lowani ndi liwiro limene mukudziwa kuti mutuluka nalo, masulani pang'onopang'ono, pedulo lakunja pansi mutaliponda, maso ali kotulukira. Pamakona otsetsereka kwambiri, amene simungamasule zonse, siyani kachala kopepuka pa yakumbuyo. Pamsewu wa tala wa M1 khalani kumanzere kwanu ndipo musadule kona, chifukwa malole okwera amadya mbali yanu, ndipo kuseri kwa kona kukhoza kukhala anthu akukankha njinga za makala. Yang'aniraninso madontho a dizilo ndi mchenga umene mvula imakokolera patala. Pamenepo pamaterera kuposa padothi.

Mchenga ndiwo mdani wathu wa tsiku ndi tsiku, makamaka podutsa mitsinje youma ndi m'njira za ngolo. Mumchenga wakuya buleki yakutsogolo isakhudzidwe. Ikangogwira, tayala limazama, handulo imapotoka, munthu n'kuuluka. Chepetsani liwiro musanalowe, sankhani giya yopepuka, bwezerani thupi kumbuyo pang'ono kuti tayala lakutsogolo liyandame, ndipo palasani mosalekeza. Mchengawo ndi buleki kale: mukafuna kuima, ingosiyani kupalasa. Koma mchenga wochepa umene wayala pamwamba pa dothi louma ndi wina. Umenewo umagudubuza tayala ngati mwaponda nandolo. Apo gwirani zonse ziwiri mopepuka, njinga ili chilili, ndipo yambani kutali.

Pa tizitunda ta msewu wafumbi, tija timagwedeza mano, ndi pamiyala yotayana, tayala limakhala likudumpha. Buleki ikagwira lili m'malere limauma, ndipo potera limaterereka. Mikono nayo imauma. Dutsani malo oterowo mutamasula kapena mutagwira pang'ono chabe, mawondo ndi zigongono zikugwira ntchito ya mashoko. Chimodzimodzi pa ngalande yokumbidwa ndi madzi yopingasa njira: chepetsani musanafike, ndipo tayala lakutsogolo likamalowa mukhale mutamasula kuti likwere tsidya linalo. Amene amafinya ali m'ngalandemo ndi amene amagwa chamutu.

Nyengo ya mvula, dothi lakuda la makande la kufupi ndi Ngabu limamata patayala mpaka mano onse kutsekeka. Tayala lotero silimva buleki iliyonse, ndipo pa njinga ya marabala matope amaunjikana pabuleki mpaka gudumu kukana kuzungulira. Tsikani, chotsani ndi kamtengo, ndipo ngati pakuipabe kankhani kapena nyamulani. Mukawoloka madzi, limu yonyowa imazungulira kangapo marabala asanagwire. Mukangotuluka finyani mopepuka mukupalasa kwa mamita angapo kuti iume, musadikire kuti mudzazindikire pamene mwana wadutsa kutsogolo.

Mtsetse wautali ndi kutentha

Buleki imasandutsa liwiro kukhala kutentha. Munthu ndi njinga olemera makilogalamu 90 pamodzi akatsika mamita 900, mphamvu imene iyenera kutayidwa ndi yokwanira kuwiritsa malita awiri a madzi. Ina imatengedwa ndi mphepo imene ikukuwombani, koma mukamatsika pang'onopang'ono mutagwira buleki osalekeza, pafupifupi yonse imalowa mu kadisiki kopyapyala kapena mu limu. Onjezani dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pamene kuchigwa kuno kumapitirira madigiri 40.

Choncho musakhwekhwereze buleki mtsetse wonse. Gwirani mwamphamvu kwa masekondi awiri kapena atatu mpaka liwiro litsike kwenikweni, masulani zonse kuti mphepo iziziritse, kenaka gwiraninso liwiro lisanakule. Gawirani ntchito mabuleki onse awiri. Dzutsani chifuwa pamalo owongoka kuti mphepo ikugwireni. Ndipo imani kawiri kapena katatu panjira, pamalo oonekera bwino, kwa mphindi zisanu.

Kutentha kumadziwika m'njira ziwiri. Ngati chofinyira chili cholimba monga mwa masiku onse koma njinga sikuima, ndipo mukumva fungo lopserera, mapadi, tizidutswa timene timapana disiki, ndi amene apsa. Ngati chofinyira chafewa n'kumafika pahandulo, mafuta awira m'paipi. Pamenepo chipopeni mofulumira kangapo, gwiritsani buleki inayo, imani. Disiki yotentha musaikhudze, imawotcha ngati mbaula, ndipo musaithire madzi ozizira chifukwa ikhoza kupindika. Ikasintha mtundu n'kuchita buluu kapena kofiirira, dziwani kuti yakhala ikupsa. Ngati mumatsika mapiri kawirikawiri kapena ndinu wathupi, disiki ya 180 mm kutsogolo m'malo mwa 160 mm imathandiza kwambiri, bola mupeze kachitsulo koyenerana nayo kokwezera kalipa, chipangizo chimene mumakhala mapadi.

Pa njinga ya marabala vuto limagwera chubu. Limu yotentha imafufumitsa mpweya, imasungunula guluu wa zigamba, ndipo tayala likhoza kuphulika muli pa liwiro. Musapope mpaka pamapeto musanatsike, ndipo mukaima yandikizani dzanja palimu: ngati simungaigwire, dikirani.

Thumba la makilogalamu 50 pakaliyala limasintha zinthu ziwiri. Tayala lakumbuyo limagwira bwinoko chifukwa lalemedwa, choncho buleki yakumbuyo imagwira ntchito yochulukirapo. Koma mtunda woimira umatalika ndipo kutentha kumachuluka. Mangani katunduyo kuti asasunthire kutsogolo, ndipo potsetsereka kwambiri tsikani muyende nayo mutafinya.

Zimene zimapha mabuleki

Mchenga wathu umadya mapadi msanga, makamaka ukasakanikirana ndi madzi. Aziyang'anidwa sabata iliyonse. Mapadi a disiki akatsala ochepera milimita imodzi, asintheni chitsulo chisanayambe kukala disiki. Disiki ya Shimano imabwera yokhuthala 1.8 mm ndipo imasinthidwa ikafika 1.5 mm, nambala imene inalembedwa padisiki pomwepo. Marabala asinthidwe timizere take tikafufutika. Tokosani timiyala tolowa m'marabala ndi nsonga ya mpeni, chifukwa timeneto ndi timene timadya limu. Pomanga, rabala ligunde limu yokha, lisakhudze tayala, likhale mamilimita awiri kuchokera palimu, ndipo nsonga yakutsogolo iyambe kugunda ndi milimita imodzi kuti lisalire.

Mapadi atsopano sagwira bwino mpaka atazolowerana ndi disiki. Pamalo athyathyathya thamangani pang'ono, finyani mwamphamvu mpaka liwiro la munthu woyenda osaima kwenikweni, masulani. Bwerezani ka 20 pa buleki iliyonse. Musakayambire mapadi atsopano pamtsetse.

Buleki ya disiki yolira kwambiri koma yosagwira nthawi zambiri yalawa oilo. Amachokera patcheni pothira mosasamala, kapena m'manja mwa wokonza. Pukutani disiki ndi spiriti pa kansalu koyera. Mapadi amene amwa oilo sachira, asintheni.

Pa mabuleki a mafuta, chofinyira chofewa ngati siponji njinga isanatenthe n'komwe chimasonyeza kuti mwalowa mpweya, ndipo akufunika kuwuchotsa. Apa chenjerani ndi mtundu wa mafuta. Shimano, Tektro ndi Magura amagwiritsa mineral oil, pamene mabuleki ambiri a Avid ndi akale a SRAM amagwiritsa DOT 4 kapena DOT 5.1, ofanana ndi a galimoto. Mtundu wake umalembedwa pachivundikiro cha pachofinyira. Mafuta a galimoto akalowa mu buleki ya mineral oil amatupitsa timphira ta mkati, buleki n'kuferatu, choncho werengani chivundikirocho limodzi ndi amakanika anu asanatsegule botolo. A DOT amayamwa chinyezi pakapita nthawi n'kumawira msanga, ndiye azisinthidwa chaka ndi chaka. Mukachotsa gudumu kuti mukweze njinga pa minibasi, musafinye chofinyira, mapadi amatsekana. Lowetsani kakatoni kopinda pakati pawo.

Waya wa buleki amayamba kuduka kachingwe kamodzikamodzi pabawuti wa kumunsi kapena mkati mwa chofinyira, pamutu pake. Finyani chofinyira muyang'ane m'katimo. Mukaona ngakhale kachingwe kamodzi katatuluka, sinthani wayayo tsiku lomwelo, pamodzi ndi chikopa chake ngati chachita dzimbiri kapena chalowa mchenga.